Mlandu wa Ng'ombe Yotchedwa Yakobe

Lachiwiri, 4 Febuluwale 2025

Kalata yafika. Ya sesheni. Abweretsa ndi mayi Gladness, mtsogoleri wa amayi a Chigwirizano, ataigwira ndi zala ziwiri ngati khoswe wakufa. Amafuna kundiwerengera. Ine! Ndinati mayi, kusukulu sindinapondeko, inde, koma zilembo ndinazitola ndekha pa mabelo a fodya ku Halale inu musanabadwe. Ndawerenga ndekha. Yanditengera mpaka dzuwa kupendeka, koma ndekha.

Akundifuna Loweruka pamaso pa akulu ampingo. Mlandu wake ng'ombe.

Ndilembe mmene zinayendera, chifukwa pofika Loweruka anthu adzakhala atathira mchere. Loweruka lapitali, maliro a gogo Lefina. Ine ndi ngolo yanga kubweretsa nkhuni pasiwa, mwaulere, zimenezo palibe akuzikumbuka. Ng'ombe zanga ziwiri, Kapitawo ndi Yakobe. Kapitawo yaulesi, imangotsata inzake. Yakobe yamphamvu, koma yakuba. Ndafika anthu ali zii, maso otseka, mlamu wanga akupemphera. Mlamu wangayo nayenso dzina lake ndi Yakobe. Ng'ombe yaona dengu la ufa wa anamfedwa, yalowetsa mutu. Ndiye ndikanatani? Ndinakuwa monga ndikuwira masiku onse: Yakobe, wakuba iwe, tseka pakamwa, ukudya za eni!

Pemphero linathera pomwepo. Popanda ameni.

Amuna kuseri kwa nkhokwe anaseka mpaka kutsokomola. Ngakhale mwana wa malemu anabisa nkhope m'chitenje, mapewa akugwedezeka, ndipo kumene kuja sikunali kulira.

Ndalakwa chiyani? Ng'ombe inali kuba.

Lachitatu, 5 Febuluwale

Mvula yakata. Fodya wapsa m'munsi, masamba achikasu, ofunika kuthyola lero lomwe. Ndapita ndi ngolo.

Njira ya kumunda kwanga imadutsa pakhomo pa mlamu. Chaka chachisanu ndi chimodzi tsopano, m'mawa uliwonse zomwezomwezo. Ng'ombe ikafika pa mtengo wa mango yaima nji. Iye ali pakhonde ndi kapu ya tiyi. Atsika, chitsononkho chothira mchere m'manja, aipatsa, kenako: "Mwadzuka bwanji, adzina?" Kupereka moni kwa ng'ombe! Munthu wopanda manyazi. Ndinaitcha dzina lake kuti limuwawe, iye wasandutsa chibale. Ine sindiyankha, safunsa ine. Ndimangokweza mawu, Yakobe, wakuba iwe, yenda! Mawu amenewa ndiwo makiyi ake. Popanda iwo siyenda, ngakhale chikwapu chithere pamsana.

Chifukwa chake ndichilembe, ana a mawa asadzati Jemusi anali wamisala.

Ndinakhala ku Halale zaka khumi ndi chimodzi. Kumbuyo kuno kwabwera tenanti wa ku Phalombe, thumba limodzi ndi wailesi, wakwatira mlongo wanga Feliya. Amayi athu maso atachita khungu. Iye tsiku ndi tsiku tiyi wa shuga, usipa, amayi mwagona bwanji, amayi ndikutsogolereni. Pobwera ine amayi atapita kale, ndipo dimba la kumtsinje, la nthochi ndi mizimbe, limene ndinaswa ndi manja awa ndili mnyamata, lili m'manja mwake. Akuti anachita kupatsidwa.

Patapita zaka abusa akale aja analalikira za Yakobo wa m'Baibulo. Kubadwa atagwira chidendene cha mkulu wake. Kugula ukulu ndi mbale ya mphodza. Kunamiza bambo wake wakhungu atavala zikopa za mbuzi. Anati m'Chiheberi dzinalo ndiye kuti wogwira chidendene, wolanda malo a mnzake. Ndinatsala pang'ono kuimirira m'tchalitchi n'kuloza chala. Yakobo, Yakobe, kusiyana kachilembo kamodzi, khalidwe lomwelo. Tsiku limene ndinagula ng'ombe yokonda za eni, dzina linali likudikira kale.

Lachisanu, 7 Febuluwale

Kusoka fodya tsiku lonse m'chigafa. Zala zakuda bii. Msana.

Perpetua, mwana wanga amene amandiphikira chimwalirire amake, wamva kuchitsime kuti akufuna kundidula mu mpingo. Akuti, "Bambo, akakudulani ndiye tsiku lanulo kulibe kwaya, kulibe abusa, akakutayani ngati nkhuku ya chitopa." Wanena akupukuta maso ndi mpango.

Apa pokha ndiye pandigwira. Mgonero asunge, kakapu ngati chivindikiro cha botolo, sindinakhutepo. Koma nyimbo. Ndinaona maliro a Ernest, uja anadulidwa chifukwa cha mitala. Kuchoka pakhomo mpaka kumanda kumangomveka mapazi ndi munthu wina akumina. Ine zimenezo ayi. Zaka makumi anayi ndikuimba besi pa maliro a anthu ena, ena oipa kuposa ine. Nyimbo zanga ndinasankha kale, zitatu, manambala ake ndinalemba ndi khala kuseri kwa chitseko. Ndikufuna amayi a Chigwirizano, mayunifolomu oyera mbee, mzere kufika kumsewu. Gladness yemweyo aimbe, afune asafune.

Koma kupepesa sindipepesa. Mawa ndikawauza kuti tanthauzo la dzinalo sindinapange ndine, anapanga Aheberi. Akasumire Aheberi.

Langali ndiye dzina. Jemusi. Ndinafufuza Baibulo lathu lonse, chikuto mpaka chikuto, zaka zitatu. Mulibe Jemusi amene anaba, amene anapha, amene anakana Ambuye. Mulibemo n'komwe. Dzina loyera ngati malaya a m'sitolo. Amayi anandipatsa lakuti Tsoka, ndinalisiya ku Halale. Kunali kalaliki wa pa sikelo, Jemusi, anathawa ndi mkazi wa kapitawo n'kusiya chitupa ndi jekete lake laubweya pa msomali. Sabata yomweyo kwafika mzungu watsopano, wokalamba, maso ofooka, kwa iye tonse nkhope imodzi. Manambala ndinali nditawadziwa. Ndinavala jekete, ndinatenga chitupa, ndinakaima pa sikelo. Anandisisita paphewa n'kufunsa ngati ndine Jemusi. Ndinati yesi. Kuyambira tsiku limenelo sindinagwirenso khasu la mzungu. Imeneyo ndi nzeru. Si kuba.

Loweruka, 8 Febuluwale

Sindikufuna kulemba. Ndilemba.

Akulu ampingo asanu ndi awiri pa benchi, abusa a Mphepo pakati. Mwana wa dzana, ndevu zake sizinagwirizane kuti zimere mbali iti. Mlamu sanabwere. Akuti iye sanasume, asuma ndi amayi a Chigwirizano.

Ndinalankhula bwino. Chidendene, mphodza, zikopa za mbuzi, zonse mwa dongosolo. Ena amavomera ndi mutu. Ndinatsekera ndi Aheberi aja n'kukhala pansi ngati munthu amene belo lake lagulidwa osalitsegula.

Abusa sanakalipe. Bola akanakalipa. Anatulutsa Mabaibulo awiri, lathu ndi la Chingerezi, n'kuwatsegula chakumapeto, pa kalata ija yodzudzula lilime. Anati agogo, timamva kuti mumawerenga nokha, tawerengani pamwamba apa. Ndinawerenga, Yakobo. Nanga apa? Chingerezi sindichidziwa, koma zilembo zisanu zija ndimazidziwa ngati mano anga otsala. J, A, M, E, S. Anandiuza nditulutse chiphaso changa cha unzika, anachiika pambali pake. Zomwezo.

Ndinati makina osindikizira analakwitsa.

Akuti ayi. Akuti dzinalo linanyamuka kwa Aheberi lili Yaakovu. Agiriki analitcha Yakobosi. Aroma Yakobusi, kenako pakamwa pawo panatopa, linakhala Yakomusi. Podutsa kwa Afalansa linapalidwa uku ndi uku, pofika ku Mangalande latsala Jemusi. Ngati mphekesera za pa chigayo, ponyamuka mbuzi, pofika nkhuku. Akuti Jemusi ndi Yakobo yemweyo, kungoti wayenda maulendo ambiri.

Kenako a Moffat, mkulu wampingo uja amakhala kumapeto, anayamba ngati akutsamwa. Anati, "Ndiye kuti zaka zonsezi a Jemusi amadzikwapula okha?" Benchi yonse inagwedezeka.

Chigamulo. Ng'ombe isinthidwe dzina. Ndikangomveka kamodzi kokha ndikutchula dzinalo pa nyama, ndadulidwa. Ndinalonjeza dzanja lili m'mwamba. Ndinatuluka osatsanzika. Chipewa ndaiwala komweko. Chikhale chawo.

Lamulungu, 9 Febuluwale

Sindinapite. Mutu.

Perpetua akuti ulaliki unali wabwino. Sindinafunse.

Jekete lija linali laubweya. Mzungu uja maso ofooka. Ndangokumbukira. Palibe kanthu.

Lachiwiri, 11 Febuluwale

Ndapalasa njinga mpaka ku Nkhamenya, kwa Akatolika. Maganizo anga anali awa: anthu amenewa ndi ife sitinagwirizanepo pa chilichonse chibadwire ine. Mariya, mowa, kukwatira kwa abusa. Athu akati kumwera, awo amati kumpoto. Ndinapeza wansembe wokalamba akudyetsa nkhunda. Ndinafunsa ngati ndatumidwa ndi munthu wina.

Anaseka, n'kundiwonjezera katundu. Akuti ku Italiya ndine Jakomo. Ku Falansa Jaki. Kwa Apwitikizi Tiyago. Kwa Mabunu Kobasi. Ku Ayalandi, kwawo kwa ansembe amene anamuphunzitsa, Shemasi. Ku Sikotilandi Hemishi, ngati munthu akuyetsemula. Akuti ku Sipeni kuli mzinda wathunthu wa dzina limeneli, anthu amayenda wapansi mwezi wonse kukaona manda ake. Ndinati amenewo alibe fodya woti athyole.

Tsiku loyamba Akatolika ndi ife kugwirizana, agwirizana pa ine.

Pobwerera ndinaima pamsika kudya kanyenya. Wootcha nyama ndi uja wa ku Mangochi, amene ndimamunena kuti mpeni wake umadula mowonda. Yakubu. Ndinamuyang'ana nthawi yaitali. Sindinafunse, ndinamva ndekha. Nyama sinatsike bwino. Kenako ndinakumbukira tenanti wa ku Mozambiki pa esiteti ya kuseri kwa phiri, uja ananditengera mikangala yopachikira fodya chaka chatha. Tiyago. Nayenso!

Dziko lonse ladzaza ife.

Lachinayi, 13 Febuluwale

Ndayesa Esau, poti woberedwa anali iye, ndipo ng'ombeyo ndi yofiira. A Moffat atumiza mawu kuti la m'Baibulo lililonse ayi. Ndayesa Sesheni. Perpetua wachita kugwada. Tagwirizana pa Bulaki, ngakhale ili yofiira.

Bulaki, yenda! Yangondiyang'ana ikutafuna. Kapitawo ikuyang'ana inzake. Ine pamwamba pa ngolo ngati kondakitala wa basi yakufa, fodya akufota padzuwa. Ndachita kutsika n'kuikoka ndi chingwe chakumphuno, munthu wa zaka 77.

Chodabwitsa, pa mango paja pokha. Ikalandira mchere wake ndi moni wake, ndikati Bulaki, imanyamuka bwinobwino. Kwina konse ayi.

Masana abusa abwera kubweza chipewa. Anakhala pa chitsa, nsapato zonse matope. Akuti agogo musadwale nazo, ophunzira ena amati tanthauzo lakale kwambiri si kugwira chidendene kuti mnzako agwe, koma kuyenda pa chidendene pake, kumbuyo kwake, kumulondera. Ndiye kuti dzinalo ndi pempho, Mulungu amuteteze. Ndinati zikomo, limenelo likhale langa, la kugwetsalo likhale la mlamu. Akuti sizigawika. Ndinati nanga ku koleji munapitiranji ngati simutha kugawa kanthu kakang'ono ngati dzina?

Anamwa madzi, anapita akuseka. Mwana ameneyu adzavuta.

Lachisanu, 14 Febuluwale

Nkhani yafika paliponse. Pa mjigo, pa chigayo, ku kalabu ya fodya. "Mwaswera bwanji a Yakobo a ku Mangalande?" Wina wakumbutsa chaka chija belo langa linabwezedwa ku okushoni atapeza masamba owola pakati, abwino kunja. Akuti zikopa za mbuzi zinali zimenezo. Ngati iwo sanachitepo. Kusiyana kwake ine ndinagwidwa.

Loweruka, 15 Febuluwale

Feliya wabwera. Sindikumbuka chaka chimene anakhala komaliza pakhonde langa. Wabweretsa nthochi za kudimba. Ndinati za kumeneko sindidya. Ndinadya ziwiri atatembenuka.

Anamasula kansalu. M'katimo tikiti yakale ya ku esiteti, ya mwamuna wake, ya 1976, yachikasu ngati tsamba la pansi. Pa malo a dzina, zilembo zisanu zija. Akuti kalaliki wa mzungu atamva kuti Yakobe analemba la Chingerezi, n'kumufotokozera kuti ndi limodzi. Ndiye munthuyu wakhala akudziwa ine ndisanabwere n'komwe kuchokera ku Halale.

Mawu a Feliya ndiwalemba monga anawanenera. "Achimwene, moni uja wa adzina sapatsa ng'ombe. Ng'ombe amaipatsa mchere. Moni ndi wanu. Anayamba ng'ombeyo isanabadwe, koma inu munkadutsa mutapotoza khosi."

Ndinati nanga bwanji osandiuza? Akuti iye ankati, asiyeni, akadziwa asiya kudutsa pano, ndiye ndiziwaonera kuti?

Ndinamuuza Feliya kuti nthochi zake ndi zosapsa. Anapita.

Zaka zisanu ndi chimodzi. M'mawa uliwonse munthu akundifunsa mmene ndadzukira, ine kumuyankha kuti wakuba iwe, yenda.

Akuti masiku ano akutsokomola, miyendo yatupa. Si nkhani yanga.

Lolemba, 17 Febuluwale

Ndadzera njira ya kudambo, yozungulira. Matope mpaka m'mawondo, ng'ombe yochita kukoka. Sindikuthawa munthu. Ndimafuna kuona mmene chimanga cha anthu chilili.

Lachinayi, 20 Febuluwale

Za dzulo.

Dzuwa litangokwera, Feliya akuthamanga, mutu wopanda mpango. Mlamu wagwa m'chigafa, mpweya ukukana. Galimoto sizikulowa, mlatho wa mitengo unapita ndi madzi Lamulungu. Pa njinga yamoto sangakhale. Ngolo ina m'mudzi muno ndi ya a Moffat, tayala linaphulika Khirisimasi. Ndiye ine.

Tinamugoneka pa matiresi anga. Feliya wagwira mutu. Mayi Gladness akwera nawo, poti odwala ndi ntchito ya Chigwirizano. Mwa anthu onse a pa dziko lapansi.

Perpetua anakoka chingwe kutsogolo mpaka pamtsinje. Pamenepo madzi a m'chiuno, ofiira, akuthamanga, munthu sangatsogole. Ng'ombe zinalowa mpaka pakati n'kuima. Matayala akumira mumchenga. Madzi ayamba kunyambita matabwa. Bulaki! Chikwapu. Bulaki! Ngati ndikuitana munthu amene ali ku Lilongwe. Milomo ya mlamu yasanduka phulusa. Ndinayang'ana Gladness, Gladness anayang'ana ine. M'maso mwanga munabwera chitseko changa ndi manambala atatu aja.

Ndinaimirira pa ngolo. Ndinakuwa mpaka anthu a kutsidya anatuluka m'minda: Yakobe, wakuba iwe, mbala yopanda manyazi, yenda!

Inagwetsa mutu, goli linalira, tinatuluka.

Titafika pouma mlamu anatsegula diso limodzi nati, "Ameni." Ndikuganiza ndi ya pemphero lija ndinamudula pa maliro.

Ndinakuwa njira yonse mpaka pa geti la chipatala. Poti zinali zitatayika kale. Amugoneka. Akuti ndi mtima, madzi alowa m'mapapo.

Loweruka, 22 Febuluwale

Sesheni kachiwiri.

Gladness sanasume. Ndilembe zimenezo ngakhale zikundiwawa. Midzi itatu ndiyo inamva. Atafunsidwa iye, anati madzi amasokosa, sanamve kanthu. Mtsogoleri wa Chigwirizano kunama pamaso pa abusa chifukwa cha ine! Ndiye anafunsa ine. Ndikanangoti sindikukumbuka, zikanathera pomwepo, abusa maso awo amachita kundipempha. Ndinati ndinatchula, ndipo mawu anga si oti kamtsinje kangawaphimbe, mayi awa asandinyoze.

Perpetua akuti pakamwa panga padzandiika m'manda. Ndinati pasafulumire.

Anakangana mpaka dzuwa pamutu. Abusa amafuna kundimasula. A Moffat akuti lonjezo la dzanja m'mwamba ndi lonjezo, mawa aliyense azidzaphwanya n'kumati ndimapulumutsa munthu. Anakweza manja, anayi kwa atatu. Miyezi isanu ndi umodzi kunja. Kubwerera mu Ogasiti.

Ndiye ntchito yanga tsopano ndi imodzi. Osafa mpaka Ogasiti.

Lachiwiri, 25 Febuluwale

Ndayamba kumwa mapiritsi a bipi amene ndinkabisa kudenga. Njinga ndikupalasa mwaulemu, nkhuku zikundipitirira. Bowa ndasiya. Kukangogunda ndili m'nyumba. Perpetua akuti sesheni ikanandidula kalekale.

Ndinapita kuchipatala. Kukaona ngati matiresi anga akuwasamala. Ndamupeza ali ndi kapaipi kumphuno ngati ng'ombe yake yomwe. Wachepa. Tinakhala. Poti panalibe chonena, ndinamuwerengera mayina aja, Jakomo, Kobasi, Shemasi. Pa Hemishi anaseka mpaka namwino anabwera kudzandiloza chala. Akuti iye akufuna Jakomo, likumveka ngati munthu wa galimoto. Ndinati tengani, kutenga ndiye mumatha.

Za dimba anayamba yekha. Akuti amayi anamuuza kuti alisunge mpaka Tsoka abwere. Koma amene anabwera ndi Jemusi wa jekete, wosapereka moni, ndiye iye anangopitiriza kusunga, kudikira Tsoka. Bodza lokoma. Wakuba ngakhale pa bedi la chipatala. Kapena ndi zoona. Amayi mawu otero anali nawo.

Potsanzikana anati, "Muyende bwino, adzina." Ndinatsegula pakamwa. Panatuluka zakuti matiresiwo musawanyowetse.

Lachisanu, 28 Febuluwale

Fodya wa mlamu wapsa m'munda, akuyoyoka yekha. Feliya ali kuchipatala, palibe wothyola. Ndimaona ndikamadutsa.

Lamulungu ndipitanso, poti kutchalitchi sakundifuna. Ndikamuyankha moni wake. Ndayeserera m'chigafa, Kapitawo ikumvetsera. Mawuwo si ovuta.

Lolemba, 3 Malichi

Mlamu wapita dzulo m'mawa, ndisanafike. Ndinakumana ndi Feliya pa geti atasenza matiresi.

Ouma. Sanawanyowetse.

Lachitatu, 5 Malichi

Taika dzulo.

Wodulidwa sakhala kutsogolo. Ndinakhala kumbuyo ndi oledzera ndi a mitala, anandisunthira malo mwaulemu. Mwambo usanayambe Feliya ananditumizira mawu kuti ndipite kuseri kwa nyumba. Akuti mlamu anasiya uthenga Loweruka, akutha kulankhula. "Ukawauze adzina, nyimbo za pa maliro anga aziimbira Yakobo, ndipo Yakobo ndi tonse awiri. Asankhe ndi iwo. Akafa Ogasiti asanafike, zawo zaimbidwa kale, ndipo amva ndi makutu awo, mwayi umene ine ndilibe."

Ndinapita kunyumba, ndinakopera manambala atatu a kuseri kwa chitseko pa kapepala, ndinapatsa Gladness. Anayang'ana kapepala, anayang'ana ine.

Mayunifolomu oyera mbee. Mzere kufika kumsewu, kupitirira. Zonse zitatu, mwa dongosolo lake. Yachiwiri anaiyamba pamwamba kwambiri monga mwa masiku onse, ndipo besi kunalibe, amuna a masiku ano mawu ngati udzudzu. Ndinapirira ndime imodzi. Kenako ndinalowa kuchokera kumbuyo komweko, pansi pa mtengo, mpaka a Moffat anatembenuka. Atembenuke. Andidule kachiwiri, aone ngati patsala podula.

Abusa polalikira anayenda nalo dzinalo kuyambira kwa Aheberi mpaka ku Mangalande, anthu onse makosi kutembenukira kwa ine. Anati Yakobo uja pamapeto pake anakumana ndi mbale wake panjira, anakumbatirana, analira. Ife sitinafike pamenepo. Tinafika pa matiresi.

Maliro anga anali abwino. Ndawaona ndekha, palibe chodandaula kupatula yachiwiri ija.

Wandiberanso, nyimbo zanga zitatu wapita nazo. Kapena ndamubera maliro ndine. Sindikudziwanso wagwira chidendene cha mnzake ndani.

Lolemba, 10 Malichi

Kwacha kopanda mtambo. Ndamanga ngolo kukathyola fodya wa Feliya, wotsalayo asanathere pansi. Perpetua kutsogolo ndi chingwe. Njira ya pa mango.

Yaima nji. Khonde lopanda munthu, mpando ataulowetsa. Yaimika makutu, maso pa chitseko. Bulaki, ayi. Chingwe, ayi. Chikwapu ndinakweza, dzanja linakana. Dzina lija palibenso wondiletsa, ndinadulidwa kale, ndikanatha kukuwa mudzi wonse umve. Silinatuluke.

Ndinatsika. Ndinatola chitsononkho pansi pa nkhokwe. Feliya anatuluka ndi mchere m'chikhatho. Inanyambita chitsononkho, inanyambita dzanja langa mpaka m'chigongono, koma osasuntha. Ikudikirabe.

Ndinayang'ana uku ndi uku. Ndinati, mwadzuka bwanji, adzina?

Inapumira mpweya wotentha pa malaya anga n'kunyamuka yokha, Kapitawo pambali. Ndinachita kuthamangira ngolo, ine woti ndisafe mpaka Ogasiti.

Mawa mchere ndidzatenge wanga.